Simon Nkoli, mkaidi wa mlandu wa ku Delmas amene anatembenuza mitima ya akuluakulu a ANC

Funso: Ndakhala ku Joni zaka zinayi, ndimasoka pashopu ina m'tauni. Mu Okutobala ndinakumana ndi chionetsero cha amuna ndi akazi okondana okhaokha, apolisi akuwaperekeza m'malo mowamanga. Mnzanga wa Chisutu amene ndimasoka naye akuti zonsezi anayambitsa ndi Simon Nkoli, yemwe anakhalapo m'ndende limodzi ndi akuluakulu a ANC. Ine ndimadziwa kuti zimenezi zinabwera ndi azungu ndi ndalama zawo. Kodi Nkoli anali ndani, nduna kapena phungu? Nanga zinatheka bwanji kuti dziko la anthu akuda, opemphera ngati ife, lilole zoterezi?

Yankho: Achimwene, mnzanuyo sanakunamizeni, kungoti wathirako nsinjiro. Simon Nkoli sanakhalepo nduna, sanakhalepo phungu, ngakhale ukhansala wa m'lokeshoni sanaulawe. Ndale zake zinali za m'misonkhano ya ana asukulu, za pamaliro, za mumsewu ndi za m'ndende. Koma pa funso lanu lachiwirilo, loti zinatheka bwanji, ine amene ntchito yanga ndi kuphunzitsa mbiri ya ndale za kum'mwera kwa Africa ndimati lamulo la ku Joni simungalimvetse musanalowe kaye m'chitokosi momwe munthu ameneyu anatsekeredwa ndi anzake 21, onse akudziwa kuti mapeto awo atha kukhala chingwe. Nkhani yagona mmenemo, ndipo tikafikamo ndichedwamo.

Dzina lake lonse ndi Tseko Simon Nkoli. Anabadwira ku Soweto pa 26 Novembala 1957 m'banja lolankhula Chisutu, ngati mnzanuyo. Makolo ake atasiyana, zaka zina za ubwana wake anakhala ndi agogo ake pafamu ya mzungu ku Orange Free State, kumene anthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo. Amene agogo awo anawasimbirako za thangata wa ku Thyolo ndi Mulanje akudziwa moyo umenewo: mwana akakula pang'ono, mwini famu amaona manja ogwira khasu, sukulu imaoneka ngati kutaya nthawi. Mnyamatayo anathawa kuti apitirize sukulu, n'kukakhala ndi mayi ake kudera la Vaal, kum'mwera kwa Johannesburg, komwe kuli malokeshoni a Sebokeng, Evaton ndi Sharpeville.

Pali kankhani kena kamene iye mwini analemba atakula. Ali ndi zaka 9, apolisi anabwera kudzafufuza mapasi, tizitupa tija tomwe munthu wakuda ankayenera kuyenda nato kuti aloledwe kukhala m'tauni. Makolo ake analibe chilolezo. Mwanayo anawatsekera m'kabati ya zovala, ndipo apolisi anachoka osawapeza. Mukumbukire kuti kwa azungu, munthu wobisa kuti amakonda amuna anzake amamunena kuti ali m'kabati. Nkoli ankati makabati awiriwa ndi amodzi: mdima womwewo, kubanika komweko, mantha omwewo akuti wina atsegula chitseko. Ndale zake zonse zinachokera pa kuona kuti anatsekeredwa kawiri, pachifukwa cha khungu ndi pachifukwa cha amene mtima wake unkamukonda, ndipo anakana kusankha kuti atsegule chitseko chimodzi chinacho n'kuchisiya.

Atawauza mayi ake, ali mnyamata wa zaka pafupifupi 20, iwo anachita zomwe mayi ambiri akwathu angachite. Anati mwana walodzedwa. Anayenda naye kwa asing'anga angapo, ndipo maula sanagwirizane: ena anati ndi ufiti, ena anati mwanayu alibe vuto. Anapita naye kwa wansembe, kenako kwa dokotala wa zamaganizo. Malinga ndi momwe Nkoli ankaifotokozera, dokotalayo naye anapezeka kuti ndi wokonda amuna anzake, ndipo m'malo momuchiza anangomulangiza momwe iye ndi bwenzi lake, lomwe linali lachizungu, angakhalire nyumba imodzi osagwidwa: wakudayo azidzionetsa ngati wantchito wa pakhomo. Nkhaniyi imaseketsa, koma taonani kuti ngakhale m'chikondi, tsankho linamupatsa malo a boyi. Mayi ake pamapeto pake anamulandira.

Pa nthawiyo n'kuti ali kale m'ndale. Anali wa m'badwo wa 1976, wa ana asukulu amene anaukira ku Soweto, ndipo bungwe la ophunzira la COSAS litakhazikitsidwa mu 1979 analowamo n'kukhala mlembi wake m'chigawo cha Transvaal. Anzake atadziwa za moyo wake anakangana ngati ali woyenera udindowo, koma sanamuchotse. Mu 1983 analowanso bungwe la GASA, lomwe linali la amuna ndi akazi okondana okhaokha, ambiri mwa iwo azungu apakati ndi olemera. Bungweli linkanena poyera kuti silichita nawo ndale. M'dziko momwe munthu wakuda sankaloledwa kulowa m'malo ambiri omwe mamembala ankakumanako, kusachita ndale kumeneko kunali kuvomereza tsankho mwakachetechete. Nkoli anayambitsa kagulu ka anthu akuda m'kati mwake kotchedwa Saturday Group, koma sikanapite patali, chifukwa posakhalitsa iye anamangidwa.

Pa 3 Sepitembala 1984 dera la Vaal linayaka. Khonsolo ya Lekoa, yomwe anthu ankaiona ngati chida cha boma latsankho, inakweza lendi ya nyumba pamene anthu anali kale pa umphawi, ndipo tsiku lomwelo ndi pamene panayamba kugwira ntchito malamulo atsopano opatsa amwenye ndi makaladi nyumba zawo za malamulo, anthu akuda n'kusiyidwa panja. Anthu anayenda mumsewu, apolisi anawombera, makhansala ena anaphedwa ndi gulu lolusa. Nkoli, amene ankagwira ntchito ndi Vaal Civic Association pansi pa UDF ya ku South Africa, mgwirizano wa mabungwe olimbana ndi tsankho, anamangidwa mwezi womwewo pamaliro a mmodzi mwa ophedwa. Anakhala miyezi yambiri osazengedwa mlandu. Mu 1985 boma linamuphatikiza ndi anthu ena 21 n'kuwatsegulira mlandu woukira boma, wa zauchifwamba ndi wakupha. Linausamutsira ku Delmas, katauni ka alimi kum'mawa kwa Johannesburg, kutali ndi makamu a anthu owachemerera, ndipo dzina la mlanduwo linachokera pamenepo.

Tsopano taonani amene anali nawo. Munali Mosiuoa Lekota, wotchuka ndi dzina la pabwalo la mpira loti Terror, mneneri wa UDF yemwe anali atakhalapo kale ku Robben Island. Munali Popo Molefe, mlembi wamkulu wa UDF, ndi Moss Chikane. Munali Tom Manthata wa ku bungwe la mipingo la South African Council of Churches, ndi wansembe wa Anglican wa ku Sharpeville, Geoffrey Moselane. Awa ndi anthu opemphera amene mukuwanenawo, achimwene, ena a iwo amuna aakulu, a mabanja awo, oleredwa ndi mwambo wofanana ndi wathu. Maloya awo anali George Bizos ndi Arthur Chaskalson, anthu amene anaimirapo Mandela pa mlandu wa Rivonia.

Tsiku lina m'ndende munamveka nkhani yoti mkaidi wina wapezeka ndi kalata yachikondi yopita kwa mwamuna mnzake. Akuluakulu anakwiya, mawu onyoza anatuluka, ena akuti anthu otere ndi onyazitsa gulu. Nkoli akanatha kukhala chete, ndipo munthu wanzeru zodziteteza akanatero. Iye anawafunsa kuti nanga za ine mukuti bwanji, poti inenso ndine wotero. Zotsatira zake sizinali zokoma. Ena anakana kuti aziwagawira chakudya. Ena anafuna kuti mlandu wake uzengedwe padera, poopa kuti boma ligwiritsa ntchito nkhaniyi kudetsa UDF pamaso pa anthu a m'malokeshoni. Mantha amenewo sanali opanda pake, boma latsankho linkachitadi zoterozo. Koma kumuchotsa pagulu pa mlandu wa chingwe kunali kumupereka. Maloya sanalole, anzake ena monga Gcina Malindi anamuikira kumbuyo, ndipo mlandu unakhalabe umodzi.

Chimene chinachitika pambuyo pake sichimalembedwa bwino m'mabuku a malamulo chifukwa chilibe tsiku. Anthu awa anakhala limodzi zaka, akudya mphika umodzi, akukwera galimoto imodzi ya apolisi kupita kukhoti m'mawa uliwonse, akuwerengera limodzi mulu wa zikalata za umboni. Munthu amene unkamunyansidwa ukamuona tsiku ndi tsiku akusenza mtolo wofanana ndi wako, osakugulitsa, osagwa mphwayi, mawu amene unkamunenera amayamba kukulemera pakamwa. Nkoli sanali munthu wa nkhope yakugwa. Amene anamudziwa amati anali wanthabwala, wokonda kutchena, wovuta kumuda nthawi yaitali. Anakangana nawo, anawayankha mafunso, ena opusa, ena ochokera pansi pamtima. Ndipo pamene anaima m'bokosi kudziteteza pa mlandu wakupha, ananena kuti pa tsiku lomwe ankamunamiziralo iye anali kumsonkhano wa gulu la amuna okondana okhaokha. Chinsinsi chinathera pomwepo, pamaso pa woweruza, atolankhani ndi dziko lonse.

Anatuluka pa belo mu 1987, ndipo mu Novembala 1988 khoti linamupeza wosalakwa. Lekota anagamulidwa zaka 12, Molefe ndi Chikane zaka 10 aliyense, koma khoti la apilo linafafaniza zigamulozo mu Disembala 1989. Pasanathe zaka zisanu, Lekota anali nduna yaikulu ya chigawo cha Free State, Molefe ya chigawo cha North West, ndipo Chaskalson anali mkulu woyamba wa khoti loona za malamulo oyendetsera dziko. Lekota ananena poyera pambuyo pake kuti atakhala ndi Simon sakanathanso kuvomereza kuti anthu amene anakankha nawo ngolo yothetsa tsankho adzasalidwe m'dziko latsopano. Mukamafunsa kuti zinatheka bwanji, yankho lalikulu ndi limeneli. Anthu amene anadzakhala ndi mphamvu polemba malamulo atsopano sankakamba za gulu lachilendo losaoneka nkhope. Ankakamba za mnzawo amene ankamudziwa kununkhira kwa bulangete lake.

Nanga azungu aja? Apa mpamene maganizo anu akufunika kuwaunikanso. Bungwe la azungu la GASA, lomwe Nkoli anali membala wake, linamutaya ali m'ndende. Linati mlandu wake ndi wandale, sukukhudza iwo. Chifukwa cha khalidwe limeneli, mu 1987 bungwe la ILGA, lomwe limaphatikiza magulu otere a padziko lonse, linaimitsa umembala wa GASA, ndipo posakhalitsa GASA inatha. Amene anamulembera makalata ndi kumuchitira zionetsero anali magulu odana ndi tsankho a ku Britain, Netherlands ndi Canada, ku Toronto mpaka kunali komiti yotchedwa dzina lake. Choncho sindikukanirani kuti akunja analowererapo. Mu 1987 momwemo, Peter Tatchell wa ku London, womenyera ufulu wa anthu okondana okhaokha, anafunsa Ruth Mompati, mmodzi mwa akuluakulu a ANC, za nkhaniyi, ndipo mayiyo anayankha kuti anthu otere si abwinobwino ndipo ANC ilibe nawo mfundo. Mawuwo atasindikizidwa kunabuka phokoso pakati pa abwenzi a ANC ku Ulaya, mpaka Thabo Mbeki analemba kalata kuchokera ku Lusaka yonena kuti ANC ikulimbana ndi tsankho la mtundu uliwonse, kuphatikizapo limeneli. Phokosolo linagwira ntchito chifukwa panali dzina loti n'kuloza: mnyamata wa ku Sebokeng amene akuzengedwa mlandu wa chingwe chifukwa cha nkhondo ya ANC yomweyo. Popanda iye, Mbeki akanatha kungoti zimenezo ndi za ku London.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Atatuluka, Nkoli sanabwerere kukapempha malo kwa amene anamutaya. Mu 1988 iye ndi anzake, kuphatikizapo mtsikana wa ku Soweto Beverley Ditsie, anayambitsa GLOW, bungwe la anthu a mitundu yonse koma lotsogozedwa ndi akuda, lomwe linanena poyera kuti lili kumbali ya omenyera ufulu. Pa 13 Okutobala 1990, miyezi isanu ndi itatu Mandela atatuluka m'ndende, GLOW inakonza chionetsero choyamba cha mtunduwu mu Africa. Chinanyamukira ku Braamfontein, ndipo kunali anthu pafupifupi 800. Okonza anagawa matumba a mapepala oboola maso kuti amene akuopa kuchotsedwa ntchito kapena kuthamangitsidwa pakhomo avale kumutu. Kunagwa mvula. Ena matumbawo anawavula okha ali m'njira, ena anawanyowera kumaso. Pamenepo Nkoli analankhula mawu amene amakumbukiridwa nawo, akuti iye ndi wakuda ndiponso ndi wokonda amuna anzake, ndipo sangang'ambe mbali ziwirizi kuti ina ikhale nkhondo yoyamba ina yachiwiri. Chimene munakumana nacho inu mu Okutobala ndi mdzukulu wa tsiku limenelo, ngakhale ndinene kuti cha masiku ano chadzaza makampani ndi nyimbo, ndipo ambiri amene anayenda mu 1990 amadandaula kuti ndale zinathawamo.

Musaganize kuti ANC yonse inatembenuka nthawi imodzi. Mu 1991, pa mlandu wa Winnie Mandela wokhudza anyamata amene anatengedwa kunyumba ya mbusa wa Methodist ku Soweto, omuchemerera ananyamula zikwangwani kunja kwa khoti zonena kuti kugonana kwa amuna okhaokha si chikhalidwe cha anthu akuda, mawu omwewo amene ali m'funso lanu. GLOW inatsutsa poyera, zomwe pa nthawiyo zinkafuna chiwindi, chifukwa kutsutsa Winnie m'lokeshoni sikunali masewera.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mpamene mnzanu wathira nsinjiro. Ntchito yolowetsa mawu m'malamulo inagwiridwa ndi ambiri. Ku Cape Town kunali OLGA, gulu la amuna ndi akazi okondana okhaokha, lomwe linalowa mu UDF n'kumakambirana ndi akatswiri a malamulo a ANC monga Albie Sachs. Kunali loya Edwin Cameron, amene anadzakhala woweruza. Kunali Zackie Achmat, amene mu 1994 anayambitsa ndi Nkoli ndi ena mgwirizano wa National Coalition for Gay and Lesbian Equality. Mawu oletsa kusala munthu chifukwa cha amene mtima wake umakopeka naye analowa m'malamulo ogwirizira a 1993, ndipo ntchito ya mgwirizanowu inali kuonetsetsa kuti asafufutidwe m'malamulo okhazikika. Chipani cha ACDP cha mbusa Kenneth Meshoe chinalimbana nawo kwambiri. Arkibishopu Desmond Tutu anali mbali inayo, akuti mawuwo akhale. Mu 1995 Nkoli anali m'kagulu kamene kanakaonana ndi Mandela pa nkhaniyi. Mawuwo anakhaladi, m'gawo 9, ndipo Mandela anasaina malamulowo pa 10 Disembala 1996 ku Sharpeville, m'dera lomwelo la Vaal komwe Nkoli anamangidwira. South Africa inakhala dziko loyamba padziko lapansi kulemba chitetezo chimenechi m'malamulo ake aakulu.

Chimene chinabweradi ndi azungu, ndipo ichi chili ndi masiku ake olembedwa, ndi lamulo lomanga anthu. Ku South Africa linabwera ndi malamulo a Adatchi, ndipo boma latsankho linaliwonjezera mano mu 1969, apolisi atasokoneza phwando lina ku Forest Town mu 1966. Analemba kuti amuna akachita chilichonse chodzutsa chilakolako paphwando ndi mlandu, ndipo phwando analitanthauzira kuti ndi paliponse pamene pali anthu oposa awiri. Kwathu, magawo 153 ndi 156 a malamulo a milandu, amene amapereka zaka 14 ndi zaka 5, ndi ochokera m'buku lomwe Angerezi anaikira Nyasaland cha m'ma 1930, ndipo mawu ake amafanana ndi a ku Zambia, Kenya ndi Uganda chifukwa anachokera pa chikombole chimodzi. Mchitidwe weniweniwo sunadikire bungwe lililonse. Liwu loti mathanyula, lomwe eni ake amalimva ngati chitonzo, lili ndi m'bale wake ku Joni ndi ku Botswana, matanyola, ndipo olemba mbiri ya m'migodi anapeza zambiri za maubwenzi a amuna m'makomponi momwe agogo athu a Wenela ankagona, kalekale kusanabwere mabungwe a ndalama zakunja. Munthu atha kudana nazo pachifukwa cha chikhulupiriro chake, ndipo pamenepo ine si m'busa wanu. Koma mawu akuti zinabwera pandege mbiri ikuwakana.

Funso lomwe limandisangalatsa ine ndi lakuti, poti Malawi ndi South Africa analemba malamulo awo atsopano nthawi imodzi, 1994 mpaka 1996, n'chifukwa chiyani anasiyana? Gawo 20 la malamulo athu limaletsa tsankho pa mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, kulumala ndi zina, koma nkhani iyi silitchula. Kuona kwanga n'kwakuti kusintha kwathu kunatsogozedwa ndi mipingo, kuyambira pa kalata ya maepiskopi ya Malichi 1992 mpaka ku Public Affairs Committee, ndipo pagome lokambirana panalibe munthu wonena poyera kuti ine ndine wotero ndipo ndavutika nanu. A ku South Africa anali atangotuluka m'boma lomwe linkalowa mpaka kuchipinda, kuletsa mzungu ndi wakuda kukwatirana, ndiye mawu akuti boma lisasankhire munthu wokondana naye anali ndi bala lake lodziwika. Ife nkhaniyi inatipeza mu Disembala 2009 ndi chinkhoswe cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga ku Blantyre. Anagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, ndipo Bingu wa Mutharika anawakhululukira mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ali m'dziko muno. Kuyambira pamenepo Amalawi ambiri akamva nkhaniyi amaona chala cha opereka thandizo, ndipo sindiwadabwa. Nyumba ya malamulo inawonjezeranso gawo 137A lomanga akazi, ndipo pa 28 Juni 2024 khoti lathu linagamula kuti magawo akalewo akhalebe. Chimbalanga anakapeza malo othawirako ku South Africa, pansi pa gawo 9 lomwe lija.

Ndisakupatseni chithunzi chosalala. Njira ya Nkoli inali yokopa atsogoleri, ndipo atsogoleri anathamanga kusiya anthu m'mbuyo. Lamulo linasintha, koma m'malokeshoni akazi okondana okhaokha anapitiriza kugwiriridwa ndi kuphedwa. Eudy Simelane, wosewera mpira wa timu ya dziko ya Banyana Banyana, anaphedwa mwankhanza ku KwaThema mu Epulo 2008, patatha zaka 12 chitetezo chili papepala. Beverley Ditsie, amene mu 1995 analankhula pamsonkhano wa amayi wa United Nations ku Beijing, anasemphana ndi Nkoli n'kuchoka mu GLOW podandaula kuti mavuto a akazi akuikidwa kumbuyo ndi amuna a m'bungwemo. Ndikuona kuti anali ndi mfundo. Munthu amene anakana kuti nkhondo yake itchedwe yachiwiri naye anali ndi nkhondo za ena zomwe sanaziike patsogolo.

Zaka zake zomaliza zinapita ku matenda amene ife Amalawi sitifunika kuuzidwa. Anali ndi kachilombo ka HIV, ndipo anali mmodzi mwa anthu akuda oyamba ku South Africa kunena zimenezi poyera, pa nthawi yomwe kwathu pamaliro tinkangoti anadwala nthawi yaitali. Anagwira ntchito yophunzitsa anthu m'malokeshoni kudzera mu Township AIDS Project, n'kuyambitsanso gulu la Positive African Men. Pa 9 Okutobala 1998 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linathetsa milandu yonse ya amuna ogonana okhaokha atagwirizana, pa mlandu womwe mgwirizano wake uja unakasuma. Pasanathe miyezi iwiri, pa 30 Novembala 1998, anamwalira ku Johannesburg ali ndi zaka 41, kutatsala tsiku limodzi kuti dziko likumbukire za Edzi. Mankhwala otalikitsa moyo anali atapezeka kale kuyambira 1996, koma mtengo wake unali wa anthu ochepa. Edwin Cameron, yemwe naye ali ndi kachilomboka, wakhala akunena kuti iye anapulumuka chifukwa malipiro a woweruza ankakwanitsa kugula mankhwalawo. Imfa ya Nkoli inamuwawa Zackie Achmat kotero kuti patangotha masiku khumi, pa 10 Disembala, iye ndi anzake ochepa anaima pamasitepe a tchalitchi cha St George's ku Cape Town n'kuyambitsa Treatment Action Campaign. Gulu limeneli ndi lomwe linalimbana ndi makampani a mankhwala komanso boma la Mbeki mpaka ma ARV anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, chaka chomwe nafenso tinayamba kulandira aulere. Kutsika kwa mitengo kunali ndi zifukwa zambiri, makampani a ku India ndi thumba la Global Fund zili pomwepo, koma phokoso la ku South Africa linali limodzi mwa zikuluzikulu. M'bale wanu amene amakatenga botolo lake kuchipatala cha kumudzi ali ndi kachingwe kopyapyala komulumikiza ku maliro a munthu ameneyu, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Za maukwati Nkoli sanazione. Khoti linalamula mu Disembala 2005 kuti nyumba ya malamulo ikonze lamulo pasanathe chaka, ndipo aphungu ambiri a ANC sankafuna. Pa 14 Novembala 2006, mmodzi mwa amene anaimirira kuteteza biluyo anali nduna ya zachitetezo, yemwenso anali wapampando wa chipani, Mosiuoa Lekota, mkaidi mnzake uja wa ku Delmas. Anakumbutsa aphungu kuti pakati pa amene anamangidwa ndi kuzunzidwa pomenyera ufulu panali amuna ndi akazi otere. Aphungu oposa 200 anavomera, 41 anakana, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 30 Novembala 2006, tsiku lomwe Nkoli anakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu ali m'manda.

Poti muli ku Joni komweko, zina mutha kukaziona nokha. Makalata amene ankalembera bwenzi lake Roy Shepherd ali m'ndende amasungidwa ku GALA, malo osungira mbiri omwe ali pa yunivesite ya Wits ku Braamfontein. Ndipo mukadzadutsa ku Hillbrow, pamphambano ya misewu ya Pretoria ndi Twist, dziwani kuti mu 1999 malo amenewo anawatcha Simon Nkoli Corner. Mukamufunse mnzanu wa Chisutuyo ngati amadziwa kuti munthu wakeyo anayamba ndi kutsekera makolo ake m'kabati.